Giza ya Mayi Aang'ono Italemba E1

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anandichotsa kwa Mkhumba kuti ndikakhale ndi mng'ono wawo pa Boma, ati ndikaphunzire sukulu yabwino. Mayi aang'onowo anakwatiwa ndi bambo wogwira ntchito mu ofesi, ndipo m'nyumbamo munali chinthu chimene ankachinyadira kwa mlendo aliyense: giza ya gasi, kabokosi koyera kapakhoma kotenthetsera madzi osamba. Ine ndinkasamba ozizira kuseri kwa nyumba, ngakhale mu Juni chiperoni chikaphimba phiri la Michesi.

Lolemba lina m'mawa giza inakana. Inangolira kuti tete tete, moto osayaka, pakagalasi pake n'kulemba E1 mofiira. Mayi aang'ono sanafunse n'komwe. Anati ndaononga ndine pokolopa kubafa, poti manja ozolowera khasu sadziwa chinthu chodula. Anandikwapula ndi payipi yothiririra maluwa, n'kundimana chakudya tsiku lonse. Amuna awo anangomanga tayi, n'kunena kuti ana akumudzi ndi otero. Masiku atatu ndinkalawirira kukoleza mbaula yowaphitsira madzi, mikwingwirima ya payipi ikundiyaka m'miyendo.

Lachinayi kunabwera mmisiri wochokera ku Limbe, bambo wachikulire wosayankhulayankhula. Sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Anayang'ana kagalasi kaja n'kufotokoza kuti makinawa amanena okha chimene chawavuta: E1 ndiye kuti moto sunagwire, choncho pamafunika kuona kaye ngati gasi akufika, munthu asanayambe kuganiza zina. Anatuluka panja, n'kunyamula silinda ndi dzanja limodzi.

"Mayi, giza ilibe vuto. M'silinda umu mulibe gasi."

Mayi aang'ono anatsutsa, ati anadzazitsa okha Loweruka lapitalo. Pamenepo ndinaganiza kuti ndapulumuka. Ndinanena zimene ndinaona Lamlungu iwo ali kutchalitchi: amuna awo akumangirira silinda yodzadza pa njinga ya kabaza, wakabazayo akufunsa ngati ikupita kwa mayi aja a ku Migowi, kenako n'kubwerako ndi ina yadzimbiri. Sindinkadziwa kuti mayi a ku Migowiwo ndi ndani. Ndinkangofuna kuti dzina langa liyere.

Mmisiri uja anayang'ana pansi, n'kuyamba kulongedza zitsulo zake. Mayi aang'ono anadikira kuti atuluke pageti, kenako anandiomba khofi mpaka khutu linalira.

"Wadya zanga, lero ukufuna kundipasulira banja?"

M'mawa mwake anandikweza minibasi, yunifolomu n'kuilanda. Amayi atamva nkhaniyo anangoti ndikanatseka pakamwa. Chaka chimenecho sindinalembe mayeso, ndipo ndinabwereza Sitandade 6.

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti ndinalakwa kuyankhula. Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndikakumbukira nkhope ya mayi aang'ono tsiku lija, ndimaona kuti panalibe kudabwa. Za ku Migowi ankazidziwa kalekale. Chinawapweteka n'chakuti zinanenedwa pamaso pa mlendo, ndipo wonena anali mwana amene anamusankha kuti azisenza milandu ya m'nyumbamo. Ndinaphunzira kuti pali anthu amene safuna kupeza pamene pali vuto, amangofuna woti amumenye. Mayi aang'onowo amandiitanabe ku maukwati a ana awo. Sindinapiteko ngakhale kamodzi.