Mizeck Manda, Wosunga Mabuku Wopanda Satifiketi

Mizeck Manda anabwerako ku migodi ya ku Halale mu 1936, dzanja lake lamanzere litatsala ndi zala ziwiri. Kukoka khoka sakanathanso, koma kuwerenga ankadziwa, Chizungu chomwe. Akuluakulu a mpingo anamupatsa ntchito pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Tukombo, yosunga mabuku amene ankabwera m'mabokosi kuchokera kutsidya la nyanja yamchere.

Laibulaleyo inali kachipinda kamodzi kofolera ndi udzu. M'dzinja mabuku ankachita chuku, ndiye dzuwa likangowala Mizeck ankawayanika pamphasa ngati usipa. Miyendo ya kabati anaiika m'zitini za phulusa kuti chiswe chisakwere. Buku long'ambika ankalimata ndi phala la ufa wa chinangwa n'kulisoka ndi ulusi wa ukonde, atalipanikiza ndi chigongono. Wobwereka akachedwa kubweza, ankamulondola wapansi ngakhale mpaka ku Kande.

Anagwira choncho zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mu 1952 kunabwera mphunzitsi wamkulu watsopano, a Fletcher Kamanga, ndipo pasanathe mwezi anamuitana.

"Ada Manda, boma likufuna kuti wosunga laibulale akhale ndi satifiketi ya Sitandade Sikisi. Inu muli nayo?"

"Ndilibe, aphunzitsi. Koma pali buku limene latayika?"

"Nkhani si imeneyo. Makiyi mupereke kwa a Killion, muwaonetse ntchito. Inu muzisesa pabwalo."

A Killion Mhone anali mlamu wawo wa a Kamanga, bambo amene ntchito ya m'sitolo ku Chintheche inawakanika. Mizeck anawafotokozera zonse, za phulusa, za kuyanika, za ana amene amanyowetsa chala potsegula masamba. Iwo ankangoyankha kuti "yewo" maso ali panja. Mvula itayamba, anakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba, ati ana amadetsa mabuku.

Mizeck akamasesa pansi pa zenera ankamva fungo la chinyezi. Anapita kwa a Kamanga kawiri kukachonderera kuti atsegule.

"Ada, ntchito yanu ndi tsache," anatero a Kamanga ulendo wachiwiriwo.

Mu Epulo chaka chotsatira kunabwera mzungu woyendera sukulu, nalamula kuti laibulale itsegulidwe. Dothi la chiswe linali litakwera mpaka pamwamba pa kabati. Mzunguyo atasolola buku limodzi, m'manja mwake munatsala chikuto chokha. A Kamanga sanachedwe. Anafotokoza m'Chizungu kuti wosunga mabuku wakale, munthu wosaphunzira, ndiye anawasiya ali choncho.

Mizeck anali pakhomo ndi tsache lake, ndipo anamva zonse. Analowa, navula chipewa, nayankha m'Chizungu chomwecho kuti anapereka mabuku mazana atatu ndi khumi ali bwinobwino, kuti chitseko chakhala chokhoma miyezi inayi, ndiponso kuti anachenjeza kawiri. Mzunguyo anamuyang'ana, n'kulemba kanthu m'kabuku kake, n'kufunsa za zimbudzi za atsikana.

Sabata yotsatira komiti ya sukulu inachotsa Mizeck chifukwa chochitira chipongwe mphunzitsi wamkulu pamaso pa mlendo. Atatu mwa anthu a m'komitiyo anali oti iye yemwe anawaphunzitsa kugwira buku ali ana. Palibe anadzutsa mutu. A Killion anawapatsa kalasi yoti aziphunzitsa, ndipo m'kachipindako anayamba kusungiramo makasu.

Mizeck anakwera sitima yapamadzi kupita ku Ruarwe, kumene mwana wake Hellen anakwatiwa. Kumeneko ankathandiza kusenda chinangwa choviika, ndipo za sukulu ija sankazitchula. Adzukulu akabwera ndi buku kuti agogo awathandize, ankati maso anatha. Hellen ankadziwa kuti si zoona, poti bwato likatulukira kutali panyanja, woyamba kunena mwini wake anali bambo akewo.

Anamwalira mu 1958, nthawi ya mphepo ya mwera, pamene panyanja sipayendeka. Uthenga wa maliro unafika ku Tukombo ataikidwa kale.