Mdzukulu amene anabwera nthawi isanakwane

Ndinagwira ntchito ya uzamba pachipatala chaching'ono cha kwathu ku Nkope mpaka mutu unachita imvi. Popuma ntchito ndinkadziona ngati za ana obadwa kumene ndinazitha zonse.

Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wamwamuna, anachira mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. M'mawa ankayanika usipa pathandala, pofika masana mwana anali atabadwa. Kanali kamtsikana kokwana m'manja mwanga muwiri. Pokoka mpweya pachifuwa pankalowa m'kati, ndipo kankabuula. Kubuula kumeneko ndinkakudziwa. Masiku anga mwana wotere tinkangomufunditsa, kenako n'kuyamba kusankha mawu oti tikauze abale panja.

Ambulansi inatitengera kuchipatala chachikulu ku Mangochi. Pakhomo la chipinda cha ana osakhwima anatilandira namwino wina wamfupi, wolankhula motsitsa. Ndinamuzindikira. Kale anabwerapo ku Nkope ali mwana wasukulu, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kumanga mchombo.

“Amayi, ndinu kodi?” anafunsa namwinoyo.

“Ndi mdzukulu wanga uyu.”

“Sambani m'manja mulowe. Muime apa.”

Anamvetsera pachifuwa pa mwana, n'kumumanga kachingwe kuphazi koonetsa kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Kenako anamuika timapaipi m'mphuno tochokera kumakina okhala ndi botolo la madzi lochita thovu. Mtsempha wa padzanja, woonda kuposa ulusi wa ukonde, anaupeza kamodzi kokha. Pasanapite nthawi kubuula kunachepa, ndipo milomo imene inali itada inayamba kufiira.

Dokotala atafika anayang'ana mwana, n'kutembenukira kwa namwino uja.

“Asisita, mukuona bwanji? Tiwonjezere mpweya?”

“Ayi adokotala, tidikire kaye. Wayamba kulandira.”

Dokotala analemba zomwezo. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Zaka zanga zonse sindinamvepo dokotala akufunsa nzeru kwa namwino. Ife tinkaima kumbuyo, kudikira kuuzidwa chochita.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, mpongozi wanga akufinyira mkaka m'kapu, makina analira. Mwana anali atasiya kupuma. Namwino uja sanathamange. Anasisita mwana pamsana, ataona kuti palibe chikusintha anamuvundikira kachipangizo pamphuno ndi pakamwa n'kuyamba kupopa. Uku akupopa, ankafotokozera anamwino awiri ophunzira ntchito choti ayang'ane pachifuwa, komanso ankatonthoza mpongozi wanga m'Chiyao, chinenero cha kwawo. Manja ake sanaphonye. Mwana anakoka mpweya yekha, kamodzi, kenako kawiri, n'kulira kamawu kangati ka mwana wa mphaka.

Zitadekha ndinamutsatira kumpope. Ndinafuna kumuitana kuti “iwe”, monga kale, koma pakamwa panakana.

“Asisita, zonsezi munakaziphunzira kuti?”

Anaseka. Anandiuza kuti atagwirako ntchito anabwereranso kusukulu kukaphunzira za ana akhanda odwala okha basi. Anzake ena anasankha za opaleshoni, ena za amayi a mimba zovuta.

“Koma tidakali ochepa, amayi,” anatero. “N'chifukwa chake atsikana awiriwa sindiwalola kuchoka pambali panga.”

Tinakhala m'chipatalamo milungu isanu. Timapaipi ankachotsa kamodzikamodzi, mpaka mwana anayamba kuyamwa yekha. Potituluka, namwino uja anamangirira mwana pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhungu, n'kutiuza tsiku lobwera kusikelo.

Tinakwera minibasi ya ku Nkope. Kondakitala anadandaula kuti mpongozi wanga akukwera mochedwa ngati wanyamula mazira. Mpongozi wanga anangotsegula nsalu pang'ono, kamutu kovala chipewa choluka n'kuonekera. Kondakitala anasuntha dengu la nsomba limene linali pampando wakutsogolo, n'kuuza dalaivala kuti m'mabampu aziyenda pang'onopang'ono.