Nkhuku Ziwiri za Ubatizo wa Dadirai

Mai Winifred amagulitsa kaunjika pa msika wa Sakubva, benchi yawo yagundana ndi yanga, ndipo ndi munthu wolota masana. Kasitomala amatha kugwira diresi, kuliyeza, kufunsa mtengo kawiri, iwo maso ali ku mapiri a Vumba kumene nkhungu imagona mpaka dzuwa kukwera. Wowagwedeza ndimakhala ine. Zimanditopetsa, koma ndimawakonda.

Sabata imene mdzukulu wawo Dadirai ankabatizidwa, kulotako kunanyanya. Lolemba, chakudya cha paubatizo chinali mbuzi yathunthu. Lachiwiri panawonjezeka nsomba za ku Beira zodutsa pa chipata cha m'malire cha Forbes, ndi mpunga wonunkhira mpaka kumsewu. Ankafotokoza mbale imodziimodzi, ine malovu chuchuchu, pomwe tonse tinkadziwa kuti kwawo ku Hobhouse kuli nkhuku ziwiri basi, nyemba, kabichi wa kuseri kwa nyumba ndi chimera cha thobwa.

"Amai a Chiletso, tsikani pansi," ndinatero, kuwaitana ndi dzina la mwana wawo. "Phikani zomwe muli nazo. Ngati ndiwo zikuchepa, nkhumba ndiyotchipa ku butchala."

"Nkhumba ayi, sisi. Ngakhale fungo lake."

Apo m'pamene anandiuza za mlongo wawo, a Hamadi. Awiriwa anabadwira m'banja la Chisilamu, bambo awo atachoka ku Mangochi kudzagwira ntchito ya njanji m'dziko lino. Mai Winifred analowa tchalitchi pokwatiwa, ndipo chiyambire tsikulo, zaka makumi atatu, a Hamadi sanadyeko m'nyumba mwawo. Sanayambane. Amabwera, amakhala pampando, amafunsa za ana, koma mbale ikafika amangoti adya kale. Sadziwa amene wazinga nyamayo, sadziwanso chimene chinaphikidwapo mumphikamo. Chimene maiwa ankalota, kuseri kwa mbuzi ndi nsomba zonsezo, chinali kuona mlongo wawo akudya.

Choncho anabwereka miphika kwa Hajara, Msilamu wogulitsa zitumbuwa, n'kutumiza uthenga: "Achimwene, ndili ndi nkhuku ziwiri, wondizingira ndilibe." Linali bodza lamkunkhuniza, mkamwini wawo Abisai ali pomwepo ndi manja ake awiri. Koma nkhuku yozinga yekha munthu sangaikane. A Hamadi sanayankhe.

Lamulungu ndinalawirira kukathandiza. Nkhungu inali itatsika mpaka m'mipanda, nyumba za anthu zikuoneka ngati zikuyandama. Mpunga unapsa, nyemba zinapsa, kabichi tinakazinga. Nkhuku zinali chigonere pansi pa mtengo wa mapeyala, miyendo yomanga, zikuphethira. Nthawi ya tchalitchi itayandikira, Abisai anatulutsa mpeni.

"Zisiyeni, bambo," anatero Mai Winifred. "Achimwene akapanda kubwera, tidya nyemba."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Alendo makumi awiri, abusa omwe, kudzadya nyemba nkhuku zikuwayang'ana! Ndinayenda njira yonse osawalankhula. M'tchalitchi, madzi akugwera pamutu pa mwanayo, iwo ankayang'ana pawindo, milomo ikugwedera, kaya ankapemphera kaya ankaphikabe mbuzi yawo ija.

Pobwerera tinapeza nthenga zili mbwee pabwalo. A Hamadi anali atakhala pa njerwa, bambo wamtali wa ndevu zoyera, manja a mkanjo atapinda, nkhuku zonse ziwiri zososola kale m'beseni.

"Basi inavuta," anatero osayang'ana munthu. "Mphika uli kuti, achemwali?"

Chakudya chinachedwa kwambiri, alendo mpaka anamaliza thobwa lonse akuyasamula. Nyama itapsa, Mai Winifred anapatula chiganga ndi ntchafu kuti ndi za abusa, kenaka anatenga jagi ndi beseni, n'kugwada kusambitsa mlongo wawo m'manja. Anawaikira mbale, n'kuima poteropo. Sanakhale pansi, sanalawe kanthu. Ine mtima unali m'mwamba, kuopa kumva mawu aja akuti ndadya kale.

A Hamadi anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Ananong'ona pemphero lawo, n'kutapa mpunga, n'kudya. Anadya mwakachetechete mpaka kupukuta msuzi ndi chala. Kenaka anakweza mbale.

"Achemwali, kodi yatsalako?"

Mai Winifred anathamangira kukhitchini ngati mtsikana, misozi ili mbwembwembwe, n'kubwera ndi chiganga ndi ntchafu za abusa zija. Abusa tsiku limenelo anadya khosi.