Zilembo Zing'onozing'ono za Kuseri kwa Bokosi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adada ananditenga ulendo wa ku Mzuzu kuti ndikawawerengere bokosi. Ntchito yanga inali imeneyo basi, ndipo ndinailephera mwadala.

Adada anali dalaivala. Kwawo kunali ku Dedza. Anabwera ku Rumphi ndi anthu okonza msewu, ndipo ntchito itatha anzawo anabwerera, iwo n'kutsala ku Katowo chifukwa cha amayi. Anali ndi pikiapu yakale imene inkanyamula chilichonse, fodya, mbuzi, odwala, ngakhale maliro. Msewu wokwera ku Nyika ankaudziwa dzenje lililonse. Chingerezi cholankhula anali nacho, cha pamsewu, chokwanira kuseketsa mzungu. Koma kuwerenga kunkawatopetsa, ndipo zilembo zikachepa maso awo ankayamba kulengeza misozi. Ine ndinali mu Sitandade 6, woyamba pa Chingerezi m'kalasi monse. Pakhomo pathu chilichonse cholembedwa chinkadikira ine.

Chaka chimenecho, mvula itatha, kunadutsa mzungu wina wa ku Joni amene ankayendetsa magulu a alendo. Anauza adada kuti mwezi wotsatira abwera ndi magalimoto atatu okoka makalavani, ngolo zija zokhala ndi bedi ndi khitchini m'kati, ndipo akufuna munthu wodziwa njira woti aziyenda patsogolo. Ulendowo ukayenda bwino, magulu ake onse azitsogoleredwa ndi adada. Anapempha chinthu chimodzi chokha: adada akhale ndi wailesi ya ovaova, chifukwa kumapiriko foni sigwira. Alendowo anali ndi zawo kale.

"Izi zikatheka, a Nyamhango, mbuzi ndasiya kunyamula," adada anauza amayi tsiku limenelo.

"Yambani mwafika kumeneko, ndiye muzinyoza mbuzi," amayi anayankha osatukula n'komwe mutu pa nyemba zomwe ankasankha.

Sitolo ya mawailesi ku Mzuzuko inali kakhonde kopapatiza kuseri kwa depoti, konunkha mawaya opserera. Wogulitsa anatiikira zinthu ziwiri patebulo. Choyamba chinali wailesi yakuda, yogwirapo kale ntchito, yokalikakalika, yomangirira m'galimoto. Inkatenga moto ku batire ya galimoto ndipo inali ndi mlongoti wautali woika padenga. Chachiwiri chinali bokosi latsopano, m'kati mwake muli timaovaova tiwiri tachikasu togwira m'manja. Pabokosipo panali chithunzi cha munthu ali pamwamba pa phiri, akumwetulira. Mitengo yake sinkasiyana kwenikweni, ndipo thumba la adada linkafika pa chimodzi chokha.

Adada ananyamula yakuda ija, n'kuitembenuza, n'kuigogoda ndi chala monga ankachitira ndi matayala.

"Iyi yaona misewu," anatero. Ndinaona kuti aikonda.

"Adada, iyo njakale chomene," wogulitsa uja anatero. "Mufuna azungu akakusekeni? Tengani izi. Mwagula imodzi, inzake yakutsatani yokha."

Apa ndi pamene mtima wanga unalowa. Alendo anali ndi mawailesi awo, ndiye kuti kachiwiriko kanalibe mwini. Adada akachoka pakhomo pankangoti zii. Amayi sankadziwa nthabwala, ndipo ine ndinkawerenga masiku. Ulendo wa alendowo unali wa masiku anayi. Ndinadziona nditakhala pathanthwe la kuseri kwa nyumba yathu, kanthu kachikasu kali pakhutu, adada akundiuza nyama zomwe aona.

"Wezi, tawerenga apa. Akuti chiyani?"

Kutsogolo kwa bokosi kunali nambala yaikulu ya makilomita. Ndinaiwerenga mokweza. Mtunda wake unali wochoka ku Katowo kukafika ku Nyika n'kutsalako. Adada anaimba kamluzu. Kenako ndinatembenuza bokosi. Pansi penipeni panali tizilembo ngati nyerere. Tinkanena kuti mtunda umenewo umatheka pamalo athyathyathya opanda chotchinga, koma pakati pakakhala phiri, nkhalango kapena chitsulo cha galimoto, mawu safika patali. Sindinganame kuti Chingerezi chinandivuta. Ndinamva liwu lililonse.

"Nanga kumbuyoko?"

"Akungonena za kutchaja batire."

Adada sankagula chinthu osachiyesa. Anandituma ndiwoloke msewu ndi kamodzi, iwo atatsala m'sitolo. Ndinaima pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi, n'kudina batani.

"Adada, mukundimva? Ova."

"Ndikukumvani bwinobwino, amayi. Ova."

Ankanditchula kuti amayi akasangalala. Mawu awo anamveka ngati ali pambali panga. Tinabwerera ndi bokosi lija nditalifungatira pamiyendo ulendo wonse.

Alendo anafika m'mawa wina kukuzizira. Adada anavala malaya awo a kutchalitchi. Ana a Katowo yense anazungulira makalavani aja, akusuzumira m'mawindo. Ine sindinapite nawo. Ndinakwera thanthwe lija ndisanamwe n'komwe tiyi, ndipo magalimoto atanyamuka adada anayamba kundiuza njira ngati sindiidziwa.

"Tadutsa pachigayo. Ova."

"Ndakuonani. Ova."

"Tikuwoloka mlatho. Uwauze amayi ako kuti mbuzi zawo ndazitsanzika. Ova."

Kupitirira mlathowo msewu umalowa kuseri kwa phiri. Mawu a adada anayamba kuthetheka ngati chimanga pachiwaya, kenako kunangotsala phokoso. Fumbi lawo ndinkalionabe likukwera kuseri kwa phirilo. Anali pafupi chotero. Ndinadina batani, ndinaitana, ndinaimirira, ndinakweza dzanja m'mwamba. Palibe. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu ndipo thanthwe linayamba kuwotcha. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti wataya ndi ine ndekha, chifukwa alendowo ali pambuyo pawo penipeni ndipo akumvana.

Ndinali mwana wa dalaivala koma sindinkadziwa mayendedwe a madalaivala. Nthawi ya fumbi galimoto sitsatira inzake pafupi. Umaisiya ipite, fumbi likhale pansi, kenako n'kunyamuka. Ndipo galimoto yokoka kalavani imakwera mtunda ngati nkhono. Pofika kumapiri enieni, adada anali atawasiya alendo awo zitunda ziwiri kumbuyo.

Pangodya ina yotsetsereka, tayala la kalavani yomaliza linagwera m'ngalande. Woyendetsa wake, bambo wachikulire, anayesa kuikweza ndi jeke. Jeke inaterereka n'kumuphwanya dzanja. Mkazi wake anaitana pawailesi. Magalimoto ena awiri aja anamva, anabwerera. Onse anayamba kuitana adada, chifukwa ndi iwo okha amene anali ndi tcheni chokokera ndiponso ankadziwa njira yachidule yopita kuchipatala. Adada sanamve kanthu. Anayenda okha mpaka pageti lolowera ku Nyika, n'kuimika galimoto, n'kumacheza ndi alonda, akudikira anthu amene ankaganiza kuti akubwera pambuyo. Pamene ankabwerera kukawafuna, nthawi inali itatha kale.

Anabwerera kunyumba tsiku lotsatira masana, malaya aja ali ndi magazi a munthu wina. Bambo uja anataya zala ziwiri. Mzungu wa magulu uja sanalalate. Anangowagwira chanza, ndipo sitinamuonenso.

Amayi anali kudimba. Adada anakhala pamthunzi wa pikiapu n'kundiitana.

"Tabweretsa bokosi lija."

Ndinabweretsa.

"Werenga zonse. Yambira pansi."

Ndinawerenga. Ndinamasulira mzere uliwonse, za phiri, za nkhalango, za chitsulo cha galimoto. Sindinalumphe kanthu.

"Tsiku lija unaziona?"

"Eya."

"Nanga bwanji?"

"Ndinkafuna ndizikumvani mukachoka."

Anayang'ana zala zawo. Ndinkadikira lamba. Ndinkamufuna lambayo, chifukwa akanatha msanga.

"Ndiye unandimva mpaka pati?"

"Mpaka pamlatho."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Mpaka pamlatho," anabwereza. Kenako anati, "Wezi, munthu akakupatsa pepala kuti umuwerengere, wakubwereka maso. Nthawi imeneyo masowo si ako, ndi ake. Wamva?"

"Ndamva."

"Pita ukatunge madzi, ndikufuna kusamba."

Chilango chinali chomwecho. Madzulo ake amayi atafunsa, adada anati anasankha okha, anakopeka ndi mtundu wachikasu. Nkhaniyo inafala msanga. Pachigayo, pamsika, ngakhale pamaliro, anthu ankawafunsa adada ngati lero atsogolera anthu kapena fumbi. Ena ankati ndi mmene zimakhalira munthu wosapita kusukulu akafuna ntchito za azungu. Adada ankaseka nawo, n'kukweza mbuzi m'pikiapu.

Patapita zaka ziwiri injini inafa. Anagulitsa chotsalacho n'kupita ku Joni, akuti kwa chaka chimodzi. Ine sukulu ndinasiyira Fomu 2. Sindinena kuti zonsezi zinachokera m'bokosi lija. Injini ikanafabe, ndipo mwina adada akanapitabe. Koma musandiuzenso kuti ndinali mwana, sindinkadziwa. Anthu amakonda kunena zimenezo, ndipo zimandinyansa. Ndinkadziwa.

Tsopano ndimagulitsa mu golosale ya munthu pa boma. Amabwera azimayi ndi mapaketi a mankhwala a m'munda, agogo ndi mapepala a kuchipatala, kuti ndiwawerengere. Ndilibe mtima wautali ndi makasitomala, aliyense angakuuzeni. Koma pepala la munthu ndimaliyambira pansi, pa tizilembo tija, ngakhale mzere utafika pakhomo.

Adada amaimba foni mwina kawiri pachaka. Kumene aliko netiweki ili paliponse, ndiye sindingainamizire mapiri. Amafunsa za mvula, za amayi, kenako mayunitsi atha. Sanatchulepo za bokosi.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tsiku lija sanandimenye chifukwa anali atatopa. Tsopano ndikudziwa kuti anakhala pamthunzi paja n'kusankha. Anavomera kukhala mbuli pamaso pa Katowo yense kuti ine ndisakhale wabodza pamaso pa amayi. Mpaka lero amayi akapsa mtima amati anakwatiwa ndi munthu wogula zidole, ndipo ine ndimangokhala chete. Sindinawauzebe. Ndikudikira adada abwere, tidzawauze tili awiri.