Mafayilo Ayambanso Kukakamira

Anzanga, ine ndi digiri yanga yonseyi ndinagwa m'chikondi chifukwa cha kuzizira. Sekani, ndakulolani.

Ndimagwira ntchito pa kampani yonyamula mauthenga a pakompyuta pakati pa ma labu ndi zipatala: zotsatira za magazi, zithunzi za ekisileyi, zinsinsi za anthu zokhazokha. Fayilo ikakula kupitirira malire amene tinaika, sidutsa. Imakakamira panjira, yokhoma, mpaka munthu akaitsegule n'kuikankha pamanja.

Ndiye lamulo lake nali: kiyi yotsegulira inagawidwa pawiri, theka kwa uyu, theka kwa uyo. Awiriwo amalowa limodzi m'chipinda cha ma seva, makompyuta akuluakulu amene mafayilowo amadutsiramo, mafoni amatsala panja, chitseko n'kutseka. Mkatimo mumazizira ngati mufiliji.

Theka lina linali langa. Linalo linali la mnyamata wina, tingomutcha Magalasi.

Tsiku loyamba ndinalowa ndi kabulauzi kopyapyala, mano ali gwedegwede.

"Asisi, mufa ndi chibayo musanamalize pasiwedi," anatero akuvula jekete.

"Ndakupemphani?"

"Inu ayi. Apempha ndi mano anuwo."

Ndinavala...

Kuchokera apo mafayilo anayamba kukakamira ngati achita kutumidwa. Kale zinkachitika mwa apo ndi apo, tsopano tsiku silinkapita. Abwana ankagwira mutu, ine ndinkadzola lipisitiki.

Chibwenzi chitapsa, mayi anga atayamba kale kufunsa kuti "mkamwini wanga adzuka bwanji?", Magalasi anandiululira akuseka.

"Bebi, ukudziwa kuti malire aja ndinawatsitsa dala? Ndinkafuna tizionana."

Ine chitsiru ndinagwira pamtima. "Aaa, so sweet!" Mpaka ndinakamudzitamira mng'ono wanga. Iye anangoti, "Akulu, koma zimenezo si zomangitsa?" Ndinamuuza kuti ndi nsanje ya osakwatiwa.

Magalasi anabwezeretsa malire aja, mafayilo n'kumadutsa bwinobwino. Kenako abwana anandikweza pantchito, ndinasamukira mmwamba koyankha madandaulo a zipatala. Theka langa la kiyi analipereka kwa mkazi wina watsopano woyenda ngati akukhoma misomali pansi. Ameneyo ndi Gogoda.

Osati kuti ndi wokongola, anzanga. Chabwino, ndi wokongola. Koma kukongola kwake n'kwamwano!

Sipanapite nthawi, foni ya pa desiki yanga inayamba kulira ngati mwana wanjala. Chipatala ichi, chipatala icho. Tsiku lina nesi wina anachita kundikalipira.

"Madamu, chithunzi cha chifuwa cha wodwala wathu chili kuti? Adokotala angokhala, bamboyu akubanika pabenchi pano!"

Ndinayang'ana pa sikirini. Chakakamira. Dzulo zinakakamira, dzana zinakakamira.

Nyimbo imeneyi ndinaivinapo ine.

Ndinatsika masitepe nsapato zili m'manja. Pa shelefu ya pakhomo la ma seva panali mafoni awiri, atagona moyandikana ngati banja lodalitsidwa kutchalitchi. Ndinadikira. Chitseko chitatseguka, Gogoda anatuluka akuseka, atavala jekete.

Jekete ija, anzanga. Yomwe ija!

"Asisi, pali vuto?" anandifunsa.

"Vuto palibe, mayi. Kungoti batani lapakatilo ndinasoka ndine, musalikoke kwambiri."

Magalasi anatuluka pambuyo pake, magalasiwo atachita nthunzi.

"Malire wawatsitsa," ndinatero.

"Bebi, relax. Ma labu agula makina atsopano, zithunzi zake n'zazikulu..."

"Bodza limeneli unawauza abwana nthawi yanga. Sungapeke lina? Ngakhale jekete ina yokha, wosauka iwe?"

Anatsegula pakamwa, mawu n'kukakamira. Nawonso anapitirira malire.

Sindinalire pamenepo, digiri inandigwira. Ndinabwerera mmwamba, ndinayamba ndaimbira nesi uja kuti chithunzi chafika, kenako ndinagogoda kwa abwana.

"Bwana, kutsegula fayilo timafuna anthu awiri. Nanga bwanji kusintha malire kuli m'manja mwa munthu mmodzi?"

Abwana anayang'ana pakompyuta kuti aone amene ankasintha malirewo. Mawa lake anamulanda Magalasi theka lake la kiyi. Pano amakonza ma pulinta, kumene kulibe chitseko chotseka komanso kumatentha.

Ananditumizira uthenga umodzi: "Wandigulitsa." Mayi anga ndinangowauza kuti mkamwini wawo anakakamira panjira.

Ndinalirira kubafa, inde. Gogoda ndikamumva pakhonde, nsanje imandigwirabe. Koma chimene chimandidya kwambiri si iyeyo. Ndimakumbukira masiku anga a lipisitiki aja: pamene ine ndinkafunda jekete ndikumwetulira, ndani anali pabenchi kuchipatala akudikira zotsatira zake?

Anzanga, mwamuna akakuuzani chinyengo chimene anachita kuti akupezeni, musamati "so sweet". Njira imene anadzera pobwera kwa inu saitseka ayi, amangotchetchamo udzu.

Ine pano ndimayenda ndi juzi yangayanga.