Mdima pa Kakachisi ka a Thrasivulo

A Stamatina tinawaika m'manda sabata yatha, ndiye pakamwa panga pamasuka. Inu munkawanena kumbali aja, khalani pansi mumve.

Amuna awo, a Thrasivulo, anali msodzi. Nyanja inawameza mwana wawo Lefteri asanayambe n'sukulu yomwe, ndipo mtembo sunapezeke. Monga timachitira kuno, anawaimikira kakachisi kachitsulo kumtunda kwa mchenga, pamene bwato linakatsakamira. M'katimo munali chithunzi cha Nikolasi Woyera ndi kanyali ka mafuta a azitona. Kuyambira pamenepo moyo wa a Stamatina unali zovala zakuda, kuthyola azitona m'minda ya eni, ndi kutsetsereka madzulo alionse kukayatsa kanyaliko. Kugwe mvula, kuombe mphepo, iwo ulendo. Pamudzi tonse tinkati mkazi wamasiye ndi ameneyu, ndipo kunena zoona, kutamidwako ankakukonda.

Mawondo a mayiwo atayamba kukana, Lefteri anabwera kuchokera ku Jeremani ndi getsi la sola, loyera mbee, lodziyatsa lokha dzuwa likalowa. Kunyada kwake mayiwo! Ankatiuza kuti tsopano a Thrasivulo akuoneka mpaka ku chilumba cha Zakintho. Anthu oyang'anira akamba a m'nyanja atabwera kudzapempha kuti getsilo lizizimitsidwa miyezi imene mazira amaswa mumchenga, anawapirikitsa ndi tsache. Ati munthu wakufa sasiyidwa mumdima chifukwa cha nyama.

M'mawa wina mu Ogasiti ndinawaperekeza kukasintha maluwa, atandikoloweka mkono. Pamchenga panali timizere tambirimbiri ngati wina wakandapo ndi foloko. Tiana ta akamba tikatuluka m'mazira timatsata kuwala kwa pamadzi, koma iti tinali titafulatira nyanja n'kukwera kulondola getsi. Tinali titaunjikana patsinde pa kakachisi, touma gwa, nyerere zitatizinga, akhwangwala atakhala poteropo kudikira kuti tichoke.

Ine ndinangogwira pakamwa. Iwo anagwada ndi mawondo okana aja n'kumatola kamodzikamodzi, kuika pa epuloni. Sindinaonepo manyazi atamugwira munthu chotero, maso osatha n'kudzutsa komwe. Paja a Thrasivulo ndi amene ankang'amba ukonde wawo kuti kamba wokodwa apulumuke, asodzi anzawo n'kumawaseka.

"A Evanthia," anatero kwa ine, "ndawapalamulira amuna anga mlandu umene sakanaupalamula ali moyo."

Tsiku lomwelo tinazula getsilo. Ndinati tibwezeretse kanyali kakale, koma anakana, ati ngakhale ako sakakhulupirira mpaka mazira onse ataswa. Kuyambira chaka chimenecho, Julaye mpaka Okutobala kakachisi kankakhala bii.

Ndiye pakamwa pa anthu! Pogula buledi, potuluka m'tchalitchi, nkhani inali yomweyo: ati gogo uja watopa, ati wamuiwala mwamuna, kulira konse kuja kunali kodzionetsera. A Garifalia, amene manda a amuna awo ali thengo lokhalokha, ndiwo ankatsogolera nyimbo. Pa tsiku lokumbukira akufa, a Stamatina akamagawa tirigu wawo wophika monga mwa mwambo wathu, ena ankalandira ndi nsonga za zala. Mayi amene ankayenda khosi lili njo anayamba kudutsa kuseri kwa nyumba za anthu.

Zinkandiwawa, ndipo ndinawauza a Stamatina kuti ndikawatsuke m'kamwa onsewo, ndinene chimene chinachitika. Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Asiyeni anene kuti ndawaiwala, zimenezo ndipirira. Koma ndikadali moyo asamve munthu kuti nyali ya a Thrasivulo inapha ana."

Anapirira mpaka kufa, ngakhale Lefteri osamuuza. Dzulo ndinakumana naye akutsetsereka ndi botolo la mafuta, nkhope ili gwa, ati akufuna kuchotsa chitonzo chimene mayi ake anasiya pa dzina la bambo ake. Ndinamukhazika pamwala n'kumufotokozera zonse, mpaka analira. Machesi ake ali m'thumba mwangamu. Adikire Okutobala.