A Kafukufuku Afika pa Masala

Georgina Sakala amagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, pamsika wa Masala, ndipo pakamwa pake, abale, ndi lumo. Anachoka ku Katete ali mtsikana, kutsata mwamuna wogwira ntchito kumgodi wa ku Mindolo. Mwamunayo atamwalira, iye anasamukira ku Ndola ndi ana atatu ndi belo limodzi la majekete. Awiri anakula bwinobwino. Chitsirizira, Evaristo, ndiye anameretsa amake imvi: anayamba ndi chamba, kenaka mankhwala a chifuwa, botolo lonse kugugudiza ngati thobwa. Kutchalitchi Georgina ankati mwana akudwala malungo. Malungo ake ati osatha chaka ndi chaka? Anthu ankangoti pepani.

Mantha a Georgina anali amodzi, ndende. Mwana wa mnzake analowako ali wojintcha, anatulukako atatha ngati ndodo. Georgina ankanena poyera kuti wake afere m'manja mwake, osati m'chitokosi.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Evaristo akuthandiza kupinda zovala, Priscah wogulitsa tomato anafika ali wefuwefu.

"Amake Eva, kugeti kuli mayi wovala bwino, akufunsa inu. Akuti ndi wa kafukufuku."

Kafukufuku! Ofufuza amene Georgina ankawadziwa ndi amtundu umodzi basi, aja obwera ndi unyolo. Sanafunse kawiri. Anamukankhira Evaristo, mwamuna wandevu zake, kunsi kwa tebulo n'kumuunjikira majekete aubweya.

"Amayi, tamverani kaye..."

"Chete! Ukangopuma ndikupha ndekha."

Mlendo uja anafika, napereka moni m'Chibemba, koma atamva kayankhulidwe ka Georgina anatembenukira ku Chinyanja. Anati dzina lake ndi Martha.

"Ngati mukufuna Evaristo, anapita ku Katete chaka chatha," anatero Georgina asanafunsidwe n'komwe. "Foni alibe."

Majekete anatsokomola. Priscah anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya tomato wake yekha, nanyamuka. Evaristo anatuluka chokwawa, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, awa ndi anamwino. Ndine ndinawalola kuti abwere."

Apa m'pamene zinaululika. Mwana uja anali atayamba kale kupita kukiliniki, kukalandira mankhwala ndi uphungu kuti asiye zija. Kumeneko Martha ndi anzake ankafufuza chithandizo chimene anthu otere amasowa, iwo pamodzi ndi abale awo. Amake sanawauze poopa kuti akagwanso, awasweranso mtima.

Georgina anamugwira mwana wake padzanja, zolimba.

"Ndiye simukumutenga?"

"Timutengere kuti, mayi? Amabwera yekha ndi miyendo yake," anayankha Martha. "Sindikunamizani kuti wachira ayi, ulendo ukadalipo. Koma zimene amatiuza sizipita kupolisi."

Georgina anangoti khu! pabelo. Mtima umene unakhala m'mwamba zaka zonse zija unatsika, moti anayamba kuseka, misozi ili chuchuchu.

"Chitsiru iwe," anamuuza Evaristo, "ukanandifera m'majekete anga, ndikanagulitsa chiyani?"

Martha anadikira mpaka kuseka kutatha.

"Lero sindinadzere iyeyu, ndadzera inu, ngati mungalole. Funso langa loyamba ndi ili: pamavuto onsewa, inuyo amakuthandizani ndani?"

Mayi amene sanagonjepo pamkangano uliwonse pa Masala anayamba kuwerenga anthu mumtima mwake. Ansembe ankafunsa za mwana, achibale ankafunsa za mwana. Za iye, ndani?

"Palibe," anatero pomaliza. Anasuntha pang'ono pabelo paja. "Khalani apa, mwanangu, ndikuuzeni."

Evaristo anafuna kuchoka kuti awapatse mpata, koma amake sanamusiye dzanja.

"Ayi, iwe khala. Umve nawe."